Kadontho Kofiira pa Mapu a Limbuli

Digiri ya Ireen inatha zaka zinayi ili m'sutikesi, pansi pa zitenje zopitira kumaliro, ndipo mwini wakeyo anatha zaka zomwezo ali pamsika wa Limbuli, akukonza njinga pakhonde la sitolo ya munthu wina. Anthu a pa Limbuli pakamwa sagona napo. Akamuona manja ali bii ndi girisi ankagwedeza mitu n'kumafunsana ngati sukulu yochuluka ija inali imeneyi, koma njinga zawo ankabweretsa kwa iye yemweyo, chifukwa panalibe wina wodziwa kuwongola limu ngati iye. Luso limenelo anamusiyira ndi malemu bambo ake. Yunivesite inamupatsa chikalata ndi chithunzi chimodzi atavala mkanjo wakuda.

Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka dzanja linazolowera kunama kuti ndi wokondwa kulemba kalatayo. Mayankho ambiri sankabwera, ndipo ochepa amene ankabwerawo ankamuthokoza chifukwa cha chidwi chake. Ireen anali atatopa, ndipo sikunali kutopa kwa msana wokha ayi. Kunali kutopa kwa munthu amene tsiku lililonse amayankha kuti zili bwino pomwe wofunsayo akuona yekha kuti sizili bwino. Kuwonjezera apo, mwini sitolo uja anamuuza kuti mvula ikamayamba akhale atachoka pakhondepo, chifukwa ankafuna kuunjikapo matumba a chimanga. Sanamuuze mwachipongwe. Anangomuuza monga mmene umapirikitsira nkhuku pamphasa, ulibe nayo mlandu uliwonse.

Ndiye mu Meyi yunivesite ija inakumbukira kuti ili ndi ana. Inalengeza ndondomeko yothandiza ophunzira ake akale kuyamba mabizinesi m'matauni ang'onoang'ono amene akukula popanda wowayang'ana. Wosankhidwa ankalandira kontena, ija yachitsulo yonyamulira katundu pasitima, itabooledwa kale chitseko ndi zenera, ili ndi sola padenga, makina owotcherera zitsulo ndi zida zonse. Koma panali lamulo limodzi losapindika. Malo oikapo kontenayo sankasankha ndi mwini bizinesi, ngakhale mchombo wake utakwiriridwa m'dera lomwelo. Ankasankha ndi kafukufuku. Opereka thandizolo akuti anali atatopa ndi mabizinesi oyambidwa mwachimbulimbuli, ndipo tsopano ankafuna kuti manambala alankhule.

Ireen analemba zimene ankadziwa. Pa Limbuli chilichonse chimayenda panjinga: chimanga, nandolo, chinanazi, nkhuni, odwala, ngakhale mbuzi yomangidwa miyendo ikulira njira yonse. Iye anati njinga makumi anayi za kabaza zimangiriridwe tizipangizo pansi pa zishalo, tolemba paliponse pamene njinga yadutsa ndi pamene yaima. Pakatha miyezi itatu padzadziwika malo amene njinga zimakhalitsa, ndipo pamenepo ndiye poyenera malo okonzera njinga. Mumtima ankaseka, chifukwa yankho ankalidziwa kale: kumsika, m'mbali mwa msewu wa phula. Koma ngati akuluakulu ankafuna makina kuti awauze kuti moto umatentha, iye anali ndani kuti awaletse? Anamusankha.

Kuti akabaza avomere, anadzera kwa atsibweni ake, a Simeoni, mlongo wa mayi ake, amene anali wapampando wa pasiteji. A Simeoni anafika ku Malawi ali ndi zaka khumi, akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sankagwirizana ndi chinthu chilichonse chofuna kudziwa kumene munthu wachokera ndi kumene akupita. Anakatembenuzatembenuza kachipangizoko m'dzanja. Kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi, kali ndi kagetsi kobiriwira kophethira.

"Ndiye kameneka kamaona?" anafunsa.

"Sikaona, atsibweni. Kamangolemba malo."

"Epa. Kolemba ndiye koopsa kuposa koona. Woona amaiwala."

Ireen anawawerengera akabaza onse pepala lachilolezo, mawu ndi mawu, monga mmene yunivesite inamulamulira, mpaka mzere wonena kuti zotsatira za kafukufukuyu adzagawana ndi akuluakulu a boma kuti ziwathandize pokonza mapulani a tauni. Kenako a Simeoni anati, poti ndi za mwana wa mlongo wawo, amanga. Kachipangizoko anakatcha kazitape, ndipo dzinalo linamera pasiteji yonse tsiku lomwelo.

Kwa miyezi itatu, Loweruka lililonse, Ireen ankapita pasiteji kukasintha mabatire. Palibe kazitape amene anatayika, palibe amene anasweka, palibe ngakhale amene ananyowa. Anzake a m'maboma ena ankadandaula pagulu lawo la pafoni kuti zipangizo zawo zabedwa kapena ana aziphwasula pofuna kuona chili m'kati. Iye ankangowerenga, n'kunyadira anthu akwawo.

A Hopewell, mphunzitsi wa ku yunivesite amene ankayang'anira ndondomekoyi, anafika pa Limbuli mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo. Anali munthu wabwino, wa maso ofiira chifukwa chosagona mokwanira. Anali ndi achinyamata khumi ndi awiri owayendera m'maboma asanu, galimoto imodzi, ndi dalaivala amene sankazimitsa injini. Anatsegula laputopu pamwamba pa boneti n'kuiphimba ndi faelo kuti dzuwa lisaphe zooneka.

"Ireen, taonani ntchito yanu."

Mapu a Limbuli anali ataluka mizere yabuluu paliponse ngati ukonde wa kangaude. Pamsika panali chidontho chachikasu, kusonyeza kuti njinga zimaimapo zambiri koma kwa mphindi zochepa. Ndipo chakum'mawa, makilomita awiri kuchokera kumsika, pamene kanjira kafumbi kamapatuka kulowera kuminda, panali kadontho kofiira piriwiri.

"Njinga makumi atatu ndi imodzi mwa makumi anayi zimaima apa," anatero a Hopewell, chala chili pakadonthopo. "Maola asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi, tsiku lililonse kupatula Lamlungu. Uwu ndi mtima wina wa tauni ino, ndipo palibe amaudziwa, ngakhale a khonsolo. Mukanasankha ndi maso mukanathamangira kumsika ngati wina aliyense. Izi ndiye timanena zija, maso amanama koma manambala sanama."

Ireen anayang'anitsitsa. Malowo ankawadziwa, chifukwa ali mwana ankadutsapo popita kukathyola therere. Panali mtengo waukulu wa mango, nyumba imodzi ya mayi Esperanca, ndi khola la nkhumba lopanda nkhumba. Kupitirira apo kunali minda yokhayokha mpaka kumtsinje wa m'malire. Mtima wa tauni pamenepo? Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma dalaivala anaimba hutala, chifukwa tsiku lomwelo anayenera kukafikanso pa Nkando.

"Lachisanu ndikutumizirani fomu ya malo kuti musaine," anatero a Hopewell akutseka chitseko. "Zikomo, Ireen. Mwa onse khumi ndi awiri, anu ndiye manambala oyera."

M'mawa mwake Ireen sanapite pakhonde paja. Anakwera njinga yake n'kulowera kum'mawa. Ankadziuza kuti mwina pamene iye anali kalikiliki kumsika, pamangopo panamera malo omwera tiyi, kapena kachasu, kapena bawo. Akabaza ndi bawo ndi pachibale. Anafika cha m'ma naini koloko, nthawi imene mapu ankati malowo amakhala atadzaza, ndipo anapeza nkhuku ziwiri, galu wogona, ndi mayi Esperanca atatambalala pamphasa akusenda nandolo. Njinga inali imodzi yokha, yake.

Mayi Esperanca anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wolankhula mokweza ngati womvera ali kutsidya la mtsinje. Mwamuna wawo anapita kukagwira ntchito kuesiteti ya tiyi n'kupezako tiyi wina wotsekemera, osabwereranso. Atapatsana moni ndi kufunsana za matenda a m'nyumba zonse ziwiri, Ireen anafunsa ngati akabaza amaima pamalopo.

"Kuima? Amenewo saima, mwanawe. Amangoti phazi limodzi pansi, moni n'kumbuyo komwe."

"Nanga amadzatani?"

"Kudzasiya tinthu tako tija. Kodi sanakuuze? Tadzutsa mutu."

Ireen anadzutsa mutu. Panthambi yaikulu ya mangoyo panapachikidwa dengu, lophimbidwa bwinobwino ndi chitenje chakale ndi pulasitiki pamwamba. Anaimirira pachitsa n'kuvundukula. M'dengumo munali akazitape, aliyense atamangidwa kansalu ka mtundu wakewake kuti mwini wake asasokoneze, onse akuphethira tigetsi tawo tobiriwira, akugwira ntchito mokhulupirika yolemba kuti ali pomwepo.

"Ndimatisamala ngati mazira," anatero mayi Esperanca. "Mvula ya chiperoni ikabwera ndimatilowetsa m'nyumba. Simeoni anandiuza kuti kamodzi kakangotayika ndiye kuti sukulu yako yonse yapita m'madzi. Masana akamabwerera aliyense amatola kake. Sindinalandirepo ngakhale chinangwa chimodzi pa ntchito imeneyi, ukawauze."

Ireen anatsika pachitsapo n'kukhala pansi, pafumbi pomwepo. Sanakwiye nthawi yomweyo. Anangomva ngati wayenda ulendo wautali n'kupeza kuti wafika pamene anayambira. Mayi Esperanca anamukankhira lichero, ndipo iye anayamba kusenda nandolo chifukwa manja ankafuna chochita.

A Simeoni anatulukira cha m'ma thu koloko kuchokera kumtsinje, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, thumba la nandolo litamangidwa pakaliyala. Ataona mwana wa mlongo wawo pansi pa mangopo, anatsika panjinga patali n'kubwera akuikankha.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera, atsibweni. Ndaona."

Anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukhala pachitsa chija, n'kupukuta thukuta ndi kapusi. Sanaoneke ngati munthu wogwidwa. Anaoneka ngati munthu amene akuyembekezera kuthokozedwa koma akuchita manyazi kupempha.

"Pepala lija unatiwerengera wekha," anayamba. "Unati zolembedwazo akagawana ndi akuluakulu. Iwe ukudziwa kuti kutsidyaku kuli munda wa agogo ako. Kuli manda a bambo anga. Nandolo uyu ndalima ndi manja angawa, m'munda wathu. Mtsinje uja ife sitinaupemphe kuti ukhale malire. Koma pepala likangoti Simeoni amaoloka padoko lakuti, nthawi yakuti, ali ndi thumba kumbuyo, ndani adzafunse kuti mundawo ndi wa yani? Ndipo si onse amanyamula za m'munda mwawo, ena amanyamulira amalonda. Ana awo amadya zimenezo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Tinakhala pansi pasiteji iwe utachoka. Ena anati tikane. Dario anati tingotaya mumtsinje n'kunena kuti tagwa. Ine ndinati mwana wa mlongo wanga simumuchititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi ake, wavutika kokwana. Ndiye tinagwirizana kuti kazitape azigwira ntchito kuno kwathu, tikamaoloka azipuma. Kukuuza kukanakhala kukusenzetsa katundu wathu. Ndipo waona wekha, sitinataye ngakhale kamodzi."

Apa ndiye mkwiyo unafika, koma unafika wotopa kale, wopanda mawu okweza. Ireen anawafotokozera pang'onopang'ono za kadontho kofiira. Anawauza kuti makina aja ankaganiza kuti pamene pali kazitape pali njinga, kuti kwa miyezi itatu analemba kuti akabaza a pa Limbuli amaswera pansi pa mango a mayi Esperanca, ndipo kontena yake, ndi sola yake, ndi makina ake owotcherera, zidzaikidwa pomwe iwo akhalapo.

A Simeoni anayang'ana khola lopanda nkhumba, anayang'ana galu, anayang'ana kanjira kopanda munthu.

"Pano?"

"Pano."

"Epa! Ndiye makinawo sanaone kuti palibe njinga?"

"Ndinakuuzani kuti saona, atsibweni."

Munthu amene ankatha kukwera mtunda wa pa Limbuli ndi matumba awiri osatsika anaoneka wokalamba mwadzidzidzi.

"Ukawauze zoona," anatero potsiriza. "Ukanene kuti ndinachita ndine, ndekha."

Koma Ireen anali wophunzira, ndipo ubwino wa sukulu ndi woti umaona tsoka lisanafike. Manambala sankati njinga imodzi. Ankati makumi atatu ndi imodzi. Aliyense wowerenga lipoti akanafunsa kuti njinga zonsezo zinkakhala kuti maola asanu tsiku lililonse, ndipo mapu omwewo akanayankha, chifukwa kanjirako kanali ndi kolowera kumodzi kokha. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

Lachinayi anaimbira a Hopewell. Anawapeza ali pamsewu, mawu akudukaduka ndi mabampu.

"Aphunzitsi, ndapitako kumalo kuja. Ndikuganiza kuti kontena ikanakhala bwino kumsika."

Kunamveka kupuma kwakutali. "Ireen, aliyense mwa khumi ndi awiri inu wandiimbira kufuna kumsika. Ndikaika kumsika, opereka thandizo ndikawauza kuti kafukufuku anali wa chiyani? Ndondomeko yonseyi yaima pamenepo, ndipo chaka chamawa pali ana ena akudikira. Lamulo si langa."

"Nanga ngati malowo ndi ozizira kuposa mmene mapu akunenera?"

"Pokhapokha mundiuze kuti manambalawa ali ndi vuto. Ngati ali ndi vuto, ndiyenera kulemba lipoti lofotokoza vutolo, chinachitika n'chiyani, njinga zinali kuti, ndipo lipotilo limapita kwa onse amene analandira loyamba. Kontena ipita kwa amene anakutsatirani pamndandanda, mtsikana wa pa Milonde woumitsa chinanazi." Anaima kaye. Pamene anayambiranso, mawu awo anali otsika, ngati a munthu wopempha kuti asamudzutse. "Kodi pali vuto, Ireen?"

Ireen anali ataima pakhonde la sitolo paja. Pakona pake panali pataunjikidwa kale matumba anayi oyamba a chimanga. Kutsidya la msewu, pasiteji, akabaza amene sanaoloke tsikulo anali atatsamira njinga zawo akukangana za mpira. Onsewo ankawadziwa, iwo ndi akazi awo ndi mayina a ana awo. Akanena zoona, analibe kontena, ndipo anthuwo analibe njira. Akakhala chete, anali ndi kontena pamalo opanda anthu. Anafunafuna njira yachitatu ndipo sanaipeze.

"Palibe vuto, aphunzitsi."

"Chabwino," anatero a Hopewell mofulumira, ndipo Ireen anamva kuti mtima wawo wakhala pansi. Anamvanso chinthu china, kuti munthu wophunzira ngati iwowo sanafunse funso lachiwiri chifukwa sanafune yankho lake. Sanawaimbe mlandu. Nawonso anali ndi khonde lawo limene ankaopa kuchotsedwapo.

Fomu anasaina Lachisanu. Mayi Esperanca anadinda chala kuvomereza malo, akuti mwina apeza wolankhula naye kupatula galu.

Kontena inabwera kumapeto kwa Okutobala, palole yokhala ndi chikono chonyamulira. Inathyola nthambi ziwiri za mango aja n'kugwetsa mango osakhwima pabwalo ponse, ndipo mayi Esperanca anatukwana dalaivala m'zilankhulo zitatu. Inali yabuluu, yonunkha penti, ili ndi chikwangwani cha yunivesite ndi mapu a Limbuli ojambulidwa pambali, kadontho kofiira kali pakati. Kunabwera magalimoto anayi, anthu a mataye, wojambula zithunzi, ndi mayi wina wochokera kwa opereka thandizo amene anavala chipewa chachikulu.

Akabaza anabwera onse makumi anayi. A Simeoni anawaitana kuti adzalemekeze mwana wa mlongo wawo, ndipo anabwera atatsuka njinga zawo, akuliza mabelu, n'kuzindandalika kuzungulira mtengowo. Mayi wa chipewa uja anaomba m'manja. Anati wayenda malo ambiri koma sanaonepo manambala ndi maso zikugwirizana chonchi. Wojambula anakwera pachitsa kuti njinga zonse zilowe m'chithunzi. A Hopewell analankhula mwachidule, osayang'ana kumene kunali Ireen, ndipo mkulu wina analonjeza kuti azibwera pafupipafupi ndi alendo kudzaonetsa malowo ngati chitsanzo. Pomaliza a Hopewell anatolera akazitape onse m'katoni, chifukwa kafukufuku anali atatha. Anakwana makumi anayi ndendende.

Ireen anamwetulira pamene anayenera kumwetulira. Anadula kansalu, analandira makiyi, anathokoza. Magalimoto atachoka analowa m'kontenamo n'kuyendetsa dzanja pamakina owotcherera atsopano, pamasipanala ondandalikidwa kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, pamatayala opachikidwa pakhoma. Chinali chinthu chokongola kuposa chilichonse chimene anakhalapo nacho, ndipo chinamumvetsa chisoni.

Lolemba anatsegula sikisi koloko. Anasesa, anatulutsa matayala awiri kuti aoneke, anathira madzi m'beseni loyesera machubu. Ankadzilimbitsa mtima kuti ngakhale akabaza saima, amadutsabe, ndipo wodutsa tsiku lina limamuphwera. Koma m'mawa umenewo panadutsa mayi wosenza nkhuni ndi ana awiri a sukulu basi. Anamuuza chifukwa chake ndi mayi Esperanca, akufuula ali pakhomo pawo. Malo okhala ndi chikwangwani, amene akuluakulu alonjeza kumabwerapo ndi magalimoto, si malo odutsapo ndi thumba kumbuyo. Akabaza anali atasamukira kudoko lina, chakumtunda, kodzera kuseri kwa minda ya tiyi.

Lachiwiri anawotcherera khasu la mayi Esperanca limene silinathyoke kwenikweni. Masana kontenayo inkatentha ngati uvuni wa mabanzi, ndiye ankakhala panja, pampando wa pulasitiki, akumvetsera phokoso la msika likubwera ndi mphepo kuchokera kutali. Kumeneko njinga zinkaphwa, matcheni ankaduka, malimu ankapindika, ndipo eni ake ankapita nazo kwa wina aliyense amene anali pafupi. Palibe munthu amene angakankhe njinga yakufa makilomita awiri padzuwa la Okutobala pomwe wokonza wina ali pamphuno pake.

Lachitatu, cha m'ma leveni, anaona munthu akubwera kuchokera kumsika akukankha njinga. Anali a Simeoni. Tayala lakumbuyo linali litaphweratu, likukwekwereza pafumbi, ndipo malaya awo anali atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno.

"Amisiri alipo?" anafunsa, akuyesa kuseka.

"Alipo. Khalani, atsibweni."

Anawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Anatembenuza njingayo miyendo m'mwamba, anamasula tayala, anasolola chubu n'kuipopa. Manja anakondwa kupeza ntchito. Anaviika chubuyo m'beseni n'kumaizunguza pang'onopang'ono, akudikira thovu lotuluka pabowo. Inazungulira yonse, madzi ali phee. Anapopanso, mwamphamvu, n'kuizunguza kachiwiri. Anaviika valavu payokha. Anapisa dzanja m'kati mwa tayala kufufuza minga kapena kamsomali, ndipo munalibe kanthu. Chubuyo inali yabwinobwino, mpweya anachita kuutulutsa ndi munthu.

Anayang'ana atsibweni ake. Iwo anali akuyang'ana phiri la Mulanje mwachidwi, ngati aliona koyamba.

"Minga ya chaka chino ndi yoipa," anatero, osatembenuka. "Mawa akubwera Dario, nayenso tayala lake likuvuta. Mkucha ndi Pilato. Loweruka sitinapezebe munthu."

"Likuvuta kale, kapena livuta mawa?"

A Simeoni anangopinda kapusi yawo n'kuipindanso.

Ireen anafuna kuwakalipira, kuwauza kuti bizinesi siyenda ndi chisoni, kuti abambo a mabanja asataye theka la tsiku kukankha njinga zabwinobwino padzuwa. Koma anawamvera chisoni, anadzimvera chisoni, ndipo anawakonda kwambiri moti zinamupweteka. Anatulutsa chubuyo m'madzi n'kuipukuta ndi nsanza. Kenako anasankha malo amodzi osalala, anapala ndi sandipepa, anapaka guluu, n'kudikira kuti aume.

"Walipeza bowolo?" anafunsa a Simeoni, mawu ali pansi.

"Ndalipeza," anatero Ireen, ndipo anamatapo chigamba n'kuchikanikiza ndi zala zonse ziwiri.